Kafufuzidwe ka Zombo za Spain Zimene Zinamira ndi Siliva

Musanalembe ganyu bwato, yambani mwawerenga mapepala. Mumzinda wa Seville ku Spain muli nyumba ya zikalata yotchedwa Archivo General de Indias, momwe muli ndandanda za katundu wa zombo zambiri ndi malipoti a anthu amene ankatumidwa kukavuula chuma chikamira. Vuto lake ndi maina a malo, poti ena anasintha tanthauzo. Mel Fisher, wosaka chuma cham'nyanja wa ku America, anataya zaka zingapo kufupi ndi zilumba za Matecumbe ku Florida akusaka chombo cha Nuestra Señora de Atocha, chimene chinamira mu 1622, mpaka katswiri wa mbiri yakale Eugene Lyon atapeza m'zikalata kuti malo ake enieni ndi kufupi ndi zilumba za Marquesas Keys, makilomita oposa 100 kumadzulo. Mulu waukulu wa siliva anaupeza pa 20 July 1985, patatha zaka 16.

Chachiwiri ndi chilolezo, ndipo apa ambiri amapsa. Boma la Florida limatenga mpaka 20 peresenti ya zimene mwavuula m'madzi ake. Chombo chikakhala chankhondo, Spain imanenabe kuti n'chake. Kampani ya Odyssey inavuula matani pafupifupi 17 a ndalama zachitsulo m'chombo cha Nuestra Señora de las Mercedes mu 2007, koma khoti la ku America linalamula kuti zibwezedwe, ndipo mu 2012 zinapita ku Spain.

Panyanja chida chachikulu ndi magnetometer, chofufuzira zitsulo pansi pa madzi. Chimakokedwa ndi chingwe kumbuyo kwa bwato, patali ndithu kuti injini isachisokoneze, ndipo bwatolo limayenda m'mizere yowongoka yotalikirana mamita 20 kapena 30. Chidachi sichimva golide, siliva kapena mizinga ya mkuwa. Chimamva chitsulo basi: nangula, misomali, zipolopolo za mizinga. Choncho malo alionse amene chalira, alembeni pa GPS ndipo munthu atsike akaone ndi maso, pakuti nthawi zambiri mupezapo mgolo kapena chingwe cha masiku ano.

Musayembekezere kuona chombo chili chilili. Matabwa onse amene sanakwiririke anadyedwa kalekale ndi tizilombo tam'nyanja tofukula mitengo. Chizindikiro chodalirika ndi mulu wa miyala yobulungira yakumtsinje, imene ankaika pansi pa chombo kuti chisapendekeke, ili pamalo pamene mwachibadwa palibe miyala yotero. Namondwe amamwaza katundu mtunda wa makilomita angapo, ndiye chilichonse mwatola chilembedwe pamapu. Mapuwo ndi amene amakulondolerani kumene kuli mulu.

Pochotsa mchenga ena amavundikira mapulopela a bwato ndi mapaipi opindika kuti madzi awombe pansi. N'zachangu, koma zimamwaza tinthu ting'onoting'ono ndi kuwononga udzu wam'nyanja. Pafupi ndi matabwa gwiritsani ntchito paipi yoyamwa mchenga pang'onopang'ono, kapena kukupiza ndi dzanja.

Golide amatuluka akunyezimira ngati wagwa dzulo. Siliva ayi: amada bii, ndalama zake n'kumamatirana m'chibulumwa chokhala ngati mwala. Musazimenye ndi nyundo. Chitsulo ndiye chosachedwa kuwonongeka, chifukwa chikauma mchere umene unalowa m'kati umachiswa pang'onopang'ono mpaka kukhala fumbi la dzimbiri. Chiikeni m'madzi nthawi yomweyo. Mcherewo umachotsedwa ndi magetsi ofooka: chinthucho chimamizidwa m'madzi osakaniza ndi mankhwala a sodium hydroxide pafupifupi 2 peresenti, chimalumikizidwa ku waya wa negativi, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri chimakhala ku pozitivi. Mukasinthanitsa mawayawo, chinthucho chimadyeka. Ndalama imayera m'masiku ochepa, koma mzinga wachitsulo ungathe zaka.

Ndalama ikayera, iyezeni pasikelo. Ya mareales 8 (reales ndi ndalama yakale ya ku Spain) inkalemera magalamu pafupifupi 27, ngakhale yokhalitsa m'nyanja imapepukirako. Kenako yang'anani chilembo cha kumene inasulidwira: P ndi Potosí, mzinda wa ku Bolivia, ndipo M wokhala ndi "o" wamng'ono pamwamba ndi Mexico.