Mimba zikamapita padera, yambirani apa

Achemwali, ngati mwapita padera kawiri kapena katatu motsatizana, musadikire mimba ina kuti mukaonane ndi dokotala. Ine ndinadutsamo, ndipo chinandithandiza kwambiri ndi kabuku kanga ka kuchipatala. Lembetsanimo mimba iliyonse: inachoka pa masabata angati, ululu unalipo kapena ayi.

Mimba yochoka isanakwane masabata 12, kawirikawiri vuto limakhala pa mmene mwana anaumbikira, osati ndowa imene munasenza. Musadziimbe mlandu. Koma ikamachoka mochedwerapo, madzi kungosweka popanda ululu weniweni, mwina khomo la chiberekero ndi lofooka, ndipo madokotala amatha kulisoka mimba ikafika masabata 12 mpaka 14.

Pemphani kalata yopitira kwa dokotala wa amayi, monga ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Akakuyezeni chindoko, shuga, chithokomiro, vuto la magazi kuundana msanga, komanso akaunike chiberekero. Abambo akayezetse nawo chindoko, chifukwa mukachira nokha adzakupatsiraninso.

Yambani kumwa mapiritsi a vitamini otchedwa folic acid musanaime, gonani m'neti, zitsamba zosadziwika zisiyeni. Apongozi akayamba zonyoza, abambo ndiwo awayankhe, inu mupume. Mukaona magazi ambiri kapena thupi kutentha, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.