Mafulati Atsopano ku England: Funsani za Poimika Galimoto Musanasaine

Aliyense wokhala ku London, Reading, Manchester kapena Leeds waona momwe nyumba zosanja zikumerera ngati bowa wa m'dzinja. Pamene panali fakitale yakale lero pali mafulati, ndipo pafupi ndi siteshoni ya sitima ndiye osanena. Boma lomwe linalowa mu 2024 linalonjeza nyumba 1.5 miliyoni ku England, ndiye kumangaku sikutha lero kapena mawa. Ife Amalawi nkhaniyi imatipeza mbali zonse ziwiri: ena timachita lendi m'mafulati atsopanowo, ena timakhala m'misewu yakale yoyandikana nawo, komwe magalimoto osowa malo amasefukira madzulo alionse.

Tiyambe ndi inu amene mukufuna kulowa m'fulati yatsopano, chifukwa ndi inu amene mungataye ndalama zambiri. Nyumba zambiri zatsopano, makamaka ku London, zimaloledwa kumangidwa pa mgwirizano wakuti zikhala car-free. Mawuwa satanthauza kuti kugula galimoto n'koletsedwa. Tanthauzo lake n'lakuti nyumbayo ilibe malo oimikapo galimoto, ndipo khonsolo sidzapereka chiphaso choimikira mumsewu kwa aliyense wokhala pa adiresi imeneyo. Ndondomeko ya London Plan ya 2021 imafuna zimenezi m'madera omwe mabasi ndi sitima zili pafupi, kupatula kwa anthu olumala omwe ali ndi chiphaso chawo choimikira galimoto chotchedwa Blue Badge. Choletsacho chimamatirira pa nyumba, osati pa munthu. Mungalire motani kukhonsolo, kompyuta yawo idzakana adiresi yanu basi.

Wobwereketsa nyumba amafuna fulatiyo ipite msanga, ndiye musadikire kuti akuuzeni yekha. Mufunseni kudzera pa imelo, yankho likhale lolembedwa: kodi fulatiyi ili ndi malo akeake oimikapo galimoto, nambala yake ndi chiyani, ndipo malowo ali mkati mwa lendi kapena amalipiridwa padera? Kenako lowani pa tsamba la khonsolo ya deralo, ikani adiresiyo muone ngati ikuloledwa chiphaso. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ambiri mwa ife timagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo galimoto ndiye khasu lathu. Munthu amene ayenera kufika pakhomo loyamba m'mamawa, kenako makomo ena asanu ndi limodzi dzuwa lisanalowe, sangadalire basi. Makhonsolo ena ali ndi ziphaso za osamalira odwala, koma nthawi zambiri zimagwira ntchito pafupi ndi nyumba ya wodwalayo, osati pakhomo panu usiku.

Chinthu china chomwe chimativuta kuzolowera n'chakuti msewu wa kutsogolo kwa nyumba yanu si wanu. Ku Chilomoni kapena ku Area 25, munthu akaimika galimoto pageti panu amayamba waodira. Kuno aliyense amene galimoto yake ili ndi msonkho ndi inshuwalansi angathe kuimika pakhomo panu penipeni ngati palibe chikwangwani kapena mzere woletsa, ndipo palibe mlandu. Kuika bini kapena mpando mumsewu kuti musunge malo kungangokubweretserani mkangano. Chomwe lamulo limateteza ndi polowera pomwe m'mphepete mwa msewu munatsitsidwa dala kuti galimoto izilowa pabwalo. Potero musatseke, ngakhale mukungotsitsa thumba la ufa. Ku London kukweza matayala pa njira ya oyenda pansi n'koletsedwa kuyambira 1974, kupatula pomwe pali chikwangwani chololeza, ndipo ku Edinburgh anayamba kulipiritsa mapaundi 100 pa mlandu womwewu mu Januwale 2024.

Mafulati akabwera, khonsolo kawirikawiri imasandutsa misewu yozungulira kukhala Controlled Parking Zone, kutanthauza kuti m'maola ena oimika ndi okhawo okhala ndi chiphaso. Kuti muchipeze amafuna umboni wakuti mumakhaladi pamenepo komanso buku la galimoto, lija la V5C, lokhala ndi adiresi yomweyo. Apa ndi pomwe timapunthwa, chifukwa timasamuka pafupipafupi, ndipo bukulo limatsala ndi adiresi ya achimwene omwe anatilandira titangofika kumene. Kusasintha adiresi ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, kungathe kukudyerani mpaka mapaundi 1,000, koma choopsa kwambiri n'chakuti makalata onse a chindapusa amapita ku adiresi yakaleyo, inu osadziwa kanthu mpaka tsiku lomwe olanda katundu adzagogoda.

Matikiti omwe mungapeze pagalasi ndi amitundu iwiri, ndipo amafanana dala. La khonsolo limalembedwa Penalty Charge Notice. Kunja kwa London nthawi zambiri limakhala la mapaundi 50 kapena 70, ku London limakwera kwambiri, ndipo mukalipira pasanathe masiku 14 mumapereka theka. Ngati mukuona kuti akulakwirani, dandaulani kaye kukhonsolo, ikakana pitani ku London Tribunals, kapena ku Traffic Penalty Tribunal ngati muli kunja kwa London. Linalo limalembedwa Parking Charge Notice, ndipo limachokera ku kampani yolembedwa ntchito yoyang'anira bwalo la mafulati. Musamvere aja amanena pa WhatsApp kuti limenelo ingong'ambani. Kampani ingathe kukutengerani kukhoti, ndipo chigamulo cha ngongole chosalipidwa chimakhala pa mbiri yanu zaka 6, kukutsekerani makomo mukamafuna lendi ina kapena ngongole ya nyumba. Jambulani zikwangwani ndi galimoto yanu nthawi yomweyo, dandaulani ku kampaniyo, ikakana pali mabungwe omva madandaulo otere, POPLA kapena IAS, malingana ndi bungwe la makampani lomwe kampaniyo ili membala.

Tisanamizane, nafenso timawonjezera vutoli. Kukakhala chinkhoswe, mapemphero kapena maliro, timabwera mudzi wonse, magalimoto khumi ndi asanu mukamsewu kamodzi. Guliranitu ziphaso za alendo, uzani anthu kuti atengane, ndipo gogodani kwa aneba tsiku lisanafike. Mzungu amene wauzidwiratu kuti kuli maliro amapirira. Amene wangodzidzimuka atatsekeredwa amaimbira khonsolo. Komanso galimoto ija mwagula kuti mudzatumize kumudzi, ngati mwailembetsa kuti sikuyenda, zija amati SORN, siyenera kugona mumsewu ngakhale usiku umodzi.

Tsopano inu a m'misewu yakale. Mukaona kapepala kokutidwa ndi pulasitiki pa mtengo wa magetsi, kapena kalata ya khonsolo yonena za planning application, lomwe ndi pempho la chilolezo chomanga, musaitaye limodzi ndi mapepala otsatsa pitsa. Nthawi zambiri mumakhala ndi masiku 21 oti mupereke maganizo. Sikuti mukhale mwini nyumba kapena nzika, wochita lendi nayenso amaloledwa. Dziwani chabe kuti zomwe mwalemba anthu ena angathe kuziona.

Koma khonsolo imamva chilankhulo chake. Mukalemba kuti mafulatiwo atsitsa mtengo wa nyumba kapena akutchingirani malo okongola, saziwerengera n'komwe. Ngakhale kungoti magalimoto achuluka sikokwanira, chifukwa ndondomeko ya boma imati chitukuko chikanidwe pa nkhani ya misewu pokhapokha ngati chiika miyoyo pachiswe kapena ngati kuthithikana kwake kudzakhala koopsa. Ndiye lembani zomwe maso anu aona: kuti nthawi yowerukira ana amadutsa pakati pa magalimoto oimikidwa pakona, kuti lole yotola zinyalala imalephera kukhota, kuti ambulansi singadutse. Onjezani zithunzi zokhala ndi tsiku ndi nthawi. Kunena zoona, kuletseratu nyumbayo n'kovuta. Chomwe chimatheka ndi kupempha kuti womangayo alipire powolokera ana, asunthe polowera, kapena malole ake asamadutse nthawi ya sukulu. Zina mwa izi zimalowa mu mgwirizano wa pakati pa khonsolo ndi womangayo wotchedwa Section 106.

Kumisonkhano ya aneba muzitchera khutu. Nthawi zina nkhani imayamba ndi magalimoto n'kuthera pa mtundu wa anthu omwe adzalowe m'mafulatiwo, ndipo anthuwo ndi ife tomwe. Musasaine chikalata chomwe simunachiwerenge mpaka pansi. Ndi bwino kupita nokha kwa khansala wa dera lanu. Ambiri ali ndi tsiku lokumana ndi anthu kulaibulale kapena kuholo. Popeza Malawi ali mu Commonwealth, Mmalawi yemwe ali ndi chilolezo chokhala ku Britain angathe kulembetsa n'kuvotera khansala yemweyo.

Aneba akayamba kusonkhanitsa mayina opempha Controlled Parking Zone mumsewu mwanu, werengani kaye za m'thumba. Chiphaso chimalipiridwa chaka ndi chaka, makhonsolo ambiri amakweza mtengo pa galimoto yachiwiri kapena ya dizilo, ndipo ena amaika malire pa chiwerengero cha ziphaso pa adiresi imodzi. Ngati mumakhala akuluakulu anayi m'nyumba imodzi, aliyense ndi galimoto yake ya kuntchito, funsani za malire amenewa musanalembe dzina lanu.