Mwala wa granite sunalakwe, vuto ndi pamene mwaugoneka

Dzinja lino ndaona miyala ya granite ya pamwamba pa makabati a m'khitchini yong'aluka yambiri zedi, ndipo pafupifupi yonse yang'aluka malo amodzimodzi: pa kachigawo kowonda kaja kamene kamatsala kutsogolo kwa sinki, kapena pakona ya bowo la sinkiyo. Eni nyumba onse akuimba nyimbo imodzi, akuti anawagulitsa mwala wabodza, akuti granite wa masiku ano ndi wofewa. Ayi ndithu. Ndikagwada n'kutsegula kabati ya pansi pa sinki, vuto ndimalipeza lili pomwepo. Thabwa la chipboard, lija lopangidwa ndi utuchi ndi guluu, lamwa madzi, lafufuma m'munsi, layamba kufumbutuka, mbali imodzi ya kabati yatitimira, ndipo mwala watsala m'malere wopanda chouchirikiza.

Ambiri mumagula mwala ndi maso, kulemera kwake simukufunsa. Granite wochindikala mamilimita 20 amalemera pafupifupi makilogalamu 54 pa sikweya mita imodzi, wa mamilimita 30 amafika cha m'ma 80. Tengani khitchini wamba, mwala wotalika mamita 3, m'lifupi masentimita 60. Ngati ndi wopyapyala uja, makabati anu asenza makilogalamu pafupifupi 100, ngati ndi wochindikala, pafupifupi 145. Amenewo ndi matumba awiri kapena atatu a feteleza, osatulidwa usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Onjezanipo sinki yodzaza madzi, mapoto, ndi chidebe cha malita 20 chimene mumasungira madzi mpopi ukauma. Katundu yenseyo mwamusenzetsa utuchi wophatikiza ndi guluu, umene mwauimika pasimenti penipeni, pamene mumakolopa m'mawa uliwonse.

Mwala ukakhala pa chinthu cholimba ndi chosalala, upanikizeni mmene mungathere, sumva kanthu. Chimene sutha ndi kupindika. Thabwa limayamba lawerama, kukuchenjezani kaye, koma mwala umangoti thyo! Ndiye pamene mwaboola malo a sinki mwachotsa pakati ponse, kwatsala timizere tiwiri towonda, kutsogolo ndi kumbuyo, mwina masentimita 8 kapena 10 basi. Kabati ya kumanja ikatsika ndi mamilimita ochepa chabe kusiyana ndi ya kumanzere, kulemera konse kumathamangira pa timizere timeneti. Sipafunikanso nyundo. Munthu kungotsamirapo potsuka mbale, ntchito yatha.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti zimenezi si ngozi, ndi zizolowezi zimene tikukana kuzisiya. Mmisiri akubwera wopanda levulo, akuti diso lake silinama. Akaona mpata pakati pa kabati ndi mwala, akulowetsamo katoni wopinda, kapena akupakamo simenti pang'ono n'kunena kuti ikauma zikhala bwino. Katoni ndi chinyezi cha Januwale zinayamba zagwirizanapo liti? Mwini nyumba nayenso wathera ndalama zonse pa mwala wonyezimira woti alendo aziuona, ndipo kalipentala akamuuza mtengo wa matabwa abwino, yankho lake n'lakuti zam'kati sizioneka. Kukolopa kwathu kuja kothira ndowa yathunthu pansi n'kumakankha madzi ndi tsache kunali kwabwino pa khitchini ya simenti yokhayokha. Pa makabati a chipboard opanda miyendo, kumeneko n'kuwathirira kuti awole. Nanga payipi ya pansi pa sinki imene yakhala ikudontha kuyambira Okutobala, inu n'kungotcherapo kabeseni? Nanga kukwera pamwala posintha babu, kudulirapo mafupa a mbuzi ndi chikwanje, kusinjirapo nsinjiro mu kamtondo pambali penipeni pa sinki? Mumati poti ndi mwala. Ndi mwala inde, koma wopyapyala, osati thanthwe la kudambo.

Mlimi wina wa fodya wa ku Kasungu, bambo wakhama amene sindimutchula dzina, atagulitsa mabelo ake ku Chinkhoma anamalizitsa nyumba yake pafupi ndi tauni. Anagula mwala wakuda wokongola kwabasi, wogulitsa anamuuza kuti ndi wa ku Mutoko ku Zimbabwe, kumene kumachokeradi granite wakuda wotchuka. Ndalama zitayamba kuchepa, makabati anapangitsa otchipa. Mvula itakhazikika, mayi a kunyumba anadandaula kuti chitseko cha kabati ya pansi pa sinki sichikutsekeka, chikukhula pansi. Bamboyo anatenga mpeni n'kuchisenga m'munsi, chinatsekeka, nkhani inathera pomwepo. Komatu chitsekocho chinali kuwauza kuti kabati yonse yapendekeka. Tsiku lina mnyamata wawo anagwada pamwalapo kuti akoloweke katani pawindo, mwala unalira kamodzi, mng'alu kuchokera pakona ya sinki mpaka kumphepete. Bamboyo anathamangira kugolosale kukagula kaguluu ka m'kachubu, anathira, kanagwira masiku ochepa, mng'alu unatsegukanso chifukwa pansi pake panali pakutsikabe. Pamene ankandifotokozera, chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali mwala, koma kuti fodya wa chaka chino, amene sanathyole n'komwe, wayamba kale kudyedwa ndi khitchini imene ankati anamaliza.

Ndipo mtengo wake si wa mwala wokha ayi. Mng'alu ukangotseguka, madzi otsukira mbale amalowa momwemo n'kumatsikira pa thabwa lomwe lija, kuwola kumapita patsogolo mofulumira kuposa kale. Mafuta, nsima ndi msuzi zimakhazikika mumng'alumo, chinkhupule sichifikamo, mphemvu zapeza kwawo, pamalo pomwe mumadulira tomato wa ana. Mukati musinthe chidutswa chong'alukacho, mupeza kuti mwala wofanana nawo kulibe, pakuti granite ndi wokumba m'phiri, chigawo chilichonse chili ndi mawanga ake ndi mtundu wake. Muvomereze khitchini ya mitundu iwiri kapena mugulenso wonse. Pochotsa wakalewo matailosi a pakhoma amasweka, pulambala alipidwe kumasula ndi kumanganso mapayipi, galimoto ilipidwe kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, makabati atsopano mugule, omwe aja munkawathawa poyamba. Amisiri odziwa amatha kumata mng'alu ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, wosakaniza ndi utoto wofanana ndi mwalawo, ndipo umagwira ndithu, koma pokhapokha pansi pakonzedwa kaye. Kumata pamwamba pansi pakuwolabe n'kutaya ndalama kachiwiri.

Zochita mukuzidziwa kale, ndingokumbutsa mwachidule. Mwala ukhale pa zipilala za njerwa, pa fulemu yachitsulo, kapena pa makabati a matabwa enieni kapena plywood wochindikala, okwezedwa pa miyendo kapena pa kachiunda ka simenti kuti madzi okolopera asawafike. Levulo iyende pamwamba ponse mwala usanabwere, osati utagona kale. Pansi pa timizere ta sinki tija pakhale chitsulo kapena thabwa lolimba lopingasa, ndipo makona a bowo akhale obulungira, osati osongoka. Matirani mwalawo pa makabati ndi silikoni, mutsekenso bwino m'mbali mwa sinki ndi kukhoma. Mwala wa mamilimita 20 usatuluke kunja kwa kabati kupitirira masentimita 15 wopanda chougwira kunsi. Ponyamula uimirire cham'mbali, usagone chafufumimba m'galimoto, makamaka pa misewu yathu ya mabampu. Wodula mwala azithira madzi ndipo aziphimba mphuno ndi pakamwa, fumbi la mwala limawononga mapapo. Ngati munagula marble m'malo mwa granite, mandimu ndi viniga zisakhalepo, zimadya kunyezimira kwake. Kaya ndi granite kaya marble, dontheziranipo madzi pang'ono, akalowa n'kusiya banga lakuda pakapita mphindi zingapo, nthawi yopaka sealer, mankhwala oteteza mwala kuti usamwe madzi, yakwana. Amene muli kale ndi chipboard, tsegulani kabati ya pansi pa sinki lero lomwe, mugwire thabwa la m'munsi ndi dzanja. Ngati lafufuma kapena likunyenyeka, chotsani zolemera zonse pamwamba, muimike mtengo wochirikiza pansi pa mwalawo, payipi ikonzedwe sabata yomwe ino.