Kabzalidwe ka Duwa la M'dambo la Crinum macowanii

Crinum macowanii ndi chomera chachilengedwe cha kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, chimene chimakonda madambo ndi magombe a mitsinje, ndipo pansi pa nthaka chimakhala ndi tsinde lalikulu lobulungira ngati anyezi. Maluwa ake oyera, a mizere yofiirira, amanunkhira kwambiri madzulo.

Kwa ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi bwino kubzala njere kusiyana ndi kukazula zomera kuthengo, chifukwa kuzula kumasiya madambo athu opanda maluwawa. Tolani njere chipatso chikangosweka, ndipo musazisunge, pakuti ndi zamadzimadzi ndipo zimayamba kumera msanga ngakhale zisanakwiriridwe. Zikanikizeni pang'ono pa dothi losakaniza mchenga ndi manyowa owolerana, theka la njere likuonekera, kenako muzithirira kawirikawiri pamalo a mthunzi wopepuka, popeza dzuwa la kuno limawotcha mbande zanthete.

Mbande zikakhwima, ziokereni pamalo amene amasunga chinyezi nthawi ya mvula, khosi la tsinde lili pamwamba pa dothi. Mukatero musazisunthenso, chifukwa mizu yake sikonda kusokonezedwa, ndipo maluwa oyamba amabwera pakapita zaka zitatu kapena kupitirira. Masamba akauma m'chilimwe musaganize kuti chafa. Chidzaphukanso mvula ikagwa.

Mbozi zakuda zamawanga achikasu zimaboola masamba mpaka kulowa m'tsinde, choncho muzizichotsa zikangooneka. Chomerachi chili ndi poizoni, motero chibzalidwe kutali ndi kumene ana amasewera ndiponso kumene mbuzi zimadya.