Ndasintha magiya a transfer box pa Defender yanga

Land Rover Defender 110 yanga ya injini ya 300Tdi sivuta m'misewu yafumbi ya ku Angónia, koma ikalowa pa tala wa N7 kutsikira ku Moatize ndi ku Tete, injini inkalira mogonthetsa m'khutu, dizilo n'kumatha msanga. Gwero lake linali giya ya high (yothamangira pamsewu) mu transfer box ya LT230, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Pa Defender giyayi ndi 1.410; nambalayi ikachepa, injini imazungulira mocheperako pa liwiro lomwelo.

Ndinagula LT230 yakale ya Land Rover Discovery, ya 1.222, yomwe imalowa pa mabauti omwewo. Tisanamange, ine ndi amakaniko tinayang'ana mano a input gear (giya yolandira mphamvu mu transfer box) ndi a shafti yochokera ku giyabokosi, chifukwa pamenepo pamadyeka oilo akamapanda kufikapo. Musadumphe zimenezi. Tinaika masilo atsopano otsekera oilo n'kuthira oilo wa magiya wa EP90.

Pa liwiro lomwelo injini tsopano ikuzungulira mocheperako ndi 13 peresenti, ndipo m'galimoto mukumveka zolankhula. Giya ya low (yokokera pang'onopang'ono) sinasinthe, idakali 3.32, choncho m'matope a dzinja ikukoka ngati kale.

Chomwe ndataya ndi mphamvu pa zitunda. Ndikasenza matumba a mbatata ya kachewere, giya ya 5 imafooka ndipo ndimabwerera ku 4. Amene munaika matayala aakulu, sindikukulangizani 1.222.