Kuteteza makutu ndi manja pa chigayo

Mwafunsa kuti mutani popeza mukaweruka ku chigayo makutu amangolira, zala nazo zitachita dzanzi. Musazengereze achimwene, khutu likagontha ndi phokoso silichiranso.

Yambani mwayesa phokosolo. Mnzanu aime poti mutha kumukhudza mutatambasula mkono. Ngati mukuchita kufuula kuti akumveni, phokoso lafika cha m'ma desibelo 85 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), mlingo umene umawononga makutu pa maola 8 a ntchito. Likangokwera ndi 3, nthawi yotetezekayo imatsika ndi theka.

Kenako konzani makinawo, pagona nkhani ndi pamenepa. Mangani mabawuti omasuka, pakani girizi, onani lamba. Nyundo za m'chigayo zikaperepeseka sinthani zonse pamodzi, chifukwa mukasintha imodzi yokha chimalemera mbali imodzi n'kumanjenjemera mpaka malata a denga kumalira. Pansi pa injini ikani mphira wokhuthala. Ngati n'kotheka, injini ya dizilo ikhale m'chipinda chakechake, paipi ya utsi itulukire kunja.

Mukatero, valani zotsekera m'makutu musanalize injini. Thonje ayi, silitchinga kanthu. Zotsekera zasiponji zifinyeni ndi zala zoyera, kokerani khutu m'mwamba, lowetsani, dikirani zifufume. Uzani mwini chigayo akugulireni: lamulo la 1997 la chitetezo pa ntchito limapatsa olemba ntchito udindo wosamala thanzi lanu.

Muzisinthana ndi mnzanu, wopumayo akakhale kutali ndi phokoso. Musamatsamire chigayo chikuyenda poti kunjenjemera kwake kumachititsa zala dzanzi, ndipo m'nyengo yozizira manja azikhala ofunda.

Makutu akamalirabe mpaka m'mawa, kapena nsonga za zala zikamatuwa, pitani kuchipatala mukawauze ntchito imene mumagwira.