Musanaitanitse Makina Aakulu Opangira Magetsi ndi Mphepo Kuchokera Kunja

Eni minda ikuluikulu ndi malo ogona alendo amafunsa kawirikawiri za makina amphepo amene agwirapo kale ntchito ku Denmark, Germany ndi Netherlands, kumene akuzula akale kuti adzalepo aatali kuposa pamenepo. Mtengo wake umakopa, koma makinawa sanapangidwire nyumba imodzi. Vestas V27, yomwe imapezeka kwambiri pamsika wa zakale, imatulutsa makilowati 225, mapiko ake amazungulira danga lotambalala mamita 27, ndipo imakhala pa nsanja ya mamita pafupifupi 30, chikhalirecho banja lokhala ndi firiji, wailesi ya kanema ndi pampu ya madzi silifika ngakhale pa makilowati 10.

Yambani ndi kuyeza mphepo kwa chaka chathunthu, pa msinkhu womwe mapikowo adzakhale, osati padenga la nyumba. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kasanu ndi katatu, choncho malo awiri ooneka ofanana angapereke magetsi osiyana kutalitali. Makina ambiri amayamba kupereka magetsi mphepo ikafika mamita 3 kapena 4 pa sekondi, koma kuti atulutse mphamvu yonse yolembedwa pachikwangwani amafuna mamita 12 kapena kuposerapo. Mwera umene umavundula nyanja m'miyezi yozizira umanyenga ambiri, pakuti munthu amakumbukira masiku amene denga linagwedezeka n'kuiwala miyezi imene masamba a mitengo anali zii.

Chimene ogulitsa sakonda kutchula ndi jenereta. Makina ambiri akale a ku Ulaya ali ndi jenereta yomwe imadalira magetsi a pamawaya kuti iyambe kugwira ntchito, kotero kuti magetsi a ESCOM akathima, nayonso imaima ngakhale mphepo ikuomba bwino. Wofuna kudziimira payekha ayenera kusintha bokosi loyendetsera makina, kuwonjezera mabatire ndi inveta yaikulu (chipangizo chosintha magetsi a m'mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba), kapena kuika jenereta ya maginito, ndipo ndalama za ntchitoyi zingapose zimene anagulira makinawo. Ngati magetsi a makinawo aposa amene mukufuna, pa V27 mphamvu ingachepetsedwe kudzera m'kompyuta yake, popeza mapiko ake amapendekeka, koma pa makina okhala ndi mapiko osapendekeka njira imeneyi palibe. Kudula mapiko kuti afupike sindikulangiza n'komwe, chifukwa limodzi likalemera kuposa anzake, giyabokosi ndi nsanja zimanjenjemera mpaka kung'aluka.

Mabatire akadzadza, magetsi otsala ayenera kukhala ndi kopita, monga kotenthetsera madzi, apo ayi mapiko amathamanga mopanda chowagwira. Mabuleki ayesedwe makina asanakwezedwe. Onetsetsaninso kuti makinawo ndi a 50 Hz (muyeso wa kusinthasintha kwa magetsi pa sekondi) monga magetsi athu, pakuti a ku America ndi a 60 Hz.

Maziko a konkire awerengeredwe ndi injiniya amene waona dothi la pamalopo, nsanja italikirane ndi nyumba ndi njira za anthu, ndipo waya wotsitsira mphenzi m'nthaka aikidwe dzinja lisanafike. Musanalumikize chilichonse ku mawaya a ESCOM, funsani za chilolezo kwa iwo ndi ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, komanso mufufuze ngati kireni yonyamula makinawo ingadutse pa milatho ya msewu wopita kwanu.